Malangizo akale a kapentedwe ka tiasilikali ta masewera a nkhondo

Mukakaika pachikhatho, kamsilikali ka mamilimita 20 sikaposa kachigawo kakumapeto ka chala chanu. Kamatuluka m'chikombole kali kotuwa mbuu ngati supuni yakale, ndipo amene wakagula ayenera kudziwa yekha kuti jekete likhala la mtundu wanji, kolala ikhala yotani, malamba awiri opingasana pachifuwa akhala oyera kapena akuda. Lero munthu amangolemba dzina la gulu la nkhondolo pa intaneti, zithunzi n'kubwera zambirimbiri. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 zimenezi kunalibe. Chimene chinalipo ndi kapepala kotayipidwa, nkhani ya masamba awiri m'magazini, kapena buku lobwereka ku laibulale. Malangizo amenewa ndimawakonda, ndipo anthu ambiri amawawerenga molakwika chifukwa sadziwa amene ankawalembera.

Masewerawo amachitikira patebulo lalikulu limene aliyalapo mapiri, mitengo, mitsinje ndi tinyumba. Anthu awiri amandandalitsa tiasilikali tawo, amatisuntha poyeza ndi tepi, ndipo madayisi ndi malamulo olembedwa ndi amene amagamula kuti zipolopolo zagwetsa angati. Ku Britain, buku limene linawafalitsa kwa anthu wamba ndi Little Wars la H. G. Wells, la mu 1913. Wells ankasewerera pansi ndi pakapinga, ndi zidole za mamilimita 54 za kampani ya Britains, imene kuyambira 1893 inkaumba asilikali a mtovu opanda kanthu m'kati. Zidolezo zinkabwera zopentapenta kuchokera kufakitale, zonyezimira, timasaya tofiira. Wells sankasowa malangizo a utoto.

Kusowako kunadza pamene zidole zinachepa msinkhu n'kuyamba kugulitsidwa zosapenta. Ku California, Jack Scruby ankaumba tiasilikali tachitsulo ndipo mu 1957 anayambitsa magazini ya War Game Digest. Ku Southampton, Donald Featherstone anatulutsa buku la War Games mu 1962, nayamba kusindikiza Wargamer's Newsletter imene inafika mpaka 1980. Kampani ya Airfix inadzaza masitolo ndi timabokosi totchipa ta tiasilikali ta pulasitiki, ndipo makampani a Hinton Hunt ndi Miniature Figurines ankatumiza tachitsulo pa positi. Mwadzidzidzi mwana wasukulu kapena kalaliki wa mu ofesi anali ndi asilikali mazana awiri otuwa patebulo la kukhitchini. Malangizo onse a nthawi imeneyo ankayankha mafunso awiri a munthu ameneyu: ndipake mtundu wanji, ndipo ndipake bwanji kuti ndimalize?

Funso loyamba: mtundu wanji

Hinton Hunt, kampani ya Marcus Hinton imene inatchuka ndi asilikali a nthawi ya Napoleon, inkapereka timapepala ta malangizo. Amene anaphunzira nthawi ija mayeso ankasindikizidwa pa makina opukusa a sitensulo akhoza kuganizira maonekedwe ake: zilembo za makina otayipira, zina zothimbirira, chithunzi chautoto palibe. Kapepala ka mtundu umenewu kamayenda ndi msilikali kuchokera kumutu mpaka kuphazi. Kamatchula chipewa ndi nthenga yake, jekete, kolala, mapindiro a m'manja, mabatani, malamba, chikwama chakumsana, buluku, nsapato, ndipo chilichonse chili ndi mtundu wake pambali. Basi. Munthu amayala kapepalako pafupi ndi nyali, chala chimodzi pamzere, burashi kudzanja linalo.

Wina angafunse kuti kolala ya kamunthu kochepa chonchi ili ndi ntchito yanji. Ntchito yake ndi yaikulu, chifukwa m'magulu a nkhondo a nthawiyo kolala ndi mapindiro a m'manja ndiye anali dzina la gulu. Asilikali oyenda pansi a Britain pafupifupi onse ankavala jekete lofiira. Chowasiyanitsa chinali tinsalu timeneti: gulu la 28 linali ndi tachikasu, la 33 tofiira, la 42 tabuluu monga magulu onse otchedwa achifumu. Gulu la 95 linali losiyana kotheratu, jekete lobiriwira modera ndi kolala yakuda. Ku Prussia mu 1813, asilikali a Landwehr, anthu wamba oitanidwa kunkhondo, ankadziwika chigawo chimene achokera poona kolala, yachikasu ya ku Silesia, yoyera ya ku Pomerania. Afalansa anapita nazo patali. Kuyambira 1808, m'gulu limodzi lomwelo, kampira kaubweya kapachipewa kankanena kagulu ka msilikali: koyamba kobiriwira, kachiwiri kabuluu wowala, kachitatu ka mtundu wotchedwa aurore, kachinayi kapepo. Patebulo, wosewera akayang'ana magulu ake asanu ndi limodzi ofiira okhaokha, kadontho kachikasu kapakhosi ndi kamene kamamuuza kuti awa ndi ati. Wopenta akalakwitsa kolala wasokoneza masewera ake omwe.

Vuto linali lakuti mtundu sufotokozeka bwino ndi mawu. Aurore ndi mawu a Chifalansa otanthauza m'bandakucha, ndipo mtunduwo uli pakati pa wa lalanje ndi wofiirira. Anthu khumi akawerenga mawu amenewo amasakaniza mitundu khumi. Chimene chinapulumutsa olemba malangizo ku Britain ndi penti wa Humbrol, kampani ya ku Hull, amene ankagulitsidwa m'tizitini ta mamililita 14 tokhala ndi nambala pachivindikiro. Nambala 33 ndi wakuda wosanyezimira, 34 woyera, 60 wofiira, 25 wabuluu, 61 wa khungu la mzungu, 11 wasiliva, 16 wagolide, 29 wa dothi. Manambalawa anasanduka chilankhulo. Wolemba ku Southampton akati 60, wowerenga ku Glasgow ankatsegula kachitini komweko. Ndi chifukwa chake nkhani zambiri zakale za mu Airfix Magazine, imene inayamba mu 1960, ndi Military Modelling ya mu 1971, zimaoneka ngati mndandanda wa manambala kwa munthu amene sadziwa chinsinsi chake.

Nanga olembawo ankazitenga kuti? Kumbuyo kwa kapepala kalikonse kunali akatswiri ochepa ojambula mayunifolomu. Ku Germany, Richard Knötel anayamba mu 1890 kutulutsa zithunzi zimene zinapitirira 1,000. Ku France kunali Lucien Rousselot. Ku Belgium, Liliane ndi Fred Funcken, banja la ojambula, anatulutsa mabuku odzaza ndi asilikali amitundumitundu amene analera mbadwo wonse wa openta. Mu 1971 kampani yosindikiza mabuku ya Osprey inayamba timabuku ta Men-at-Arms, kalikonse kokhala ndi masamba 8 a zithunzi zautoto pakati. Anthuwa anagwira ntchito yotamandika, koma pali msampha umene ndikufuna wowerenga auone.

Zithunzi zambiri zimaonetsa zimene lamulo la zovala linkanena. Zimene msilikali ankavaladi atayenda miyezi itatu pamvula ndi padzuwa ndi nkhani ina. Jekete la msilikali wamba wa Britain linkanyikidwa mu utoto wa mizu ya madder, wotchipa, wofiira ngati njerwa yootcha, umene unkasuluka. La ofesala linkanyikidwa mu cochineal, utoto wodula wochokera ku tizilombo ta ku Mexico, wofiira psuu. Amene apaka 60 pa onse wafafaniza kusiyana kumene aliyense pabwalo la nkhondo ankakuona. Mu 1806 Napoleon analamula kuti asilikali ake oyenda pansi ayambe kuvala zoyera chifukwa utoto wabuluu wa indigo unkasowa, koma magulu ena okha ndi amene analandira zovalazo ndipo mu 1807 lamulolo linasiyidwa. Pa nkhondo ya Waterloo, pa 18 June 1815, magulu ambiri a Britain anali ndi chipewa chatsopano chokhala ndi kutsogolo kotalika, pamene gulu la 28 linali likadali ndi chakale chowongoka. Kapepala ka mizere khumi ndi iwiri sikangasenze zonsezi. Ndipo wolemba mmodzi akalakwitsa, wachiwiri ankakopera kwa iye, wachitatu kwa wachiwiri, mpaka cholakwacho n'kuoneka ngati choonadi chifukwa chalembedwa m'malo atatu.

Chitsanzo chimene chimatikhudza ife ndi cha King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo magulu ake awiri oyamba anali a ku Nyasaland. Openta a ku Ulaya amapenta asilikali amenewa akamasewera nkhondo ya ku East Africa ya 1914 mpaka 1918. Chithunzi chimene ambiri ali nacho m'mutu ndi msilikali wa khaki, chipewa chofiira chachitali chopanda mlomo. N'zoona kwa magulu ambiri a KAR, koma a ku Nyasaland chipewa chawo cha pa perete chinali chakuda. Kuthengo chipewacho ankachiphimba ndi nsalu ya khaki yotchinga ndi khosi lomwe, ndipo nkhondo isanayambe ankavala juzi ya buluu wodera ndi nsalu zokulunga m'miyendo za mtundu womwewo. Munthu wotsatira mzere umodzi wakuti chipewa chofiira angapente azigogo athu amene chipilala cha ku Zomba chimawakumbukira n'kuwaveka za gulu lina. Pa mitundu, kapepala kakale ndi poyambira. Muyenera kukatsimikizira pena.

Funso lachiwiri: kupaka bwanji

Apa ndi pamene malangizo akale ali ndi nzeru yeniyeni, ndipo pafupifupi zonse zimachokera ku zinthu ziwiri: mtundu wa penti ndi kuchuluka kwa asilikali.

Penti wake anali wa mafuta, wotchedwa enamel. Amasungunuka ndi thina, madzi samukhudza, ndipo akakhala m'kachitini utoto weniweni umakhazikika pansi ngati nsenga. Choncho langizo loyamba nthawi zonse linali kutakasa ndi kamtengo ka machesi mpaka phala lapansi litasakanikira. Wothamanga akangoviika pamwamba, penti amene amayenera kukhala wosanyezimira amauma akunyezimira ndipo saphimba. Kenaka pamafunika maola pafupifupi 6 musanapake wina pamwamba pake, apo ayi thina wa penti watsopano amadzutsa wakale, lamba loyera n'kusanduka lapinki pajekete lofiira.

Kuchuluka kwake nakonso sikunali kwamasewera. M'malamulo a Charles Grant a mu 1971, gulu limodzi linali asilikali 48 osawerengera maofesala, ndipo munthu ankafuna magulu angapo mbali iliyonse. Mukaphatikiza ziwirizi mupeza njira imene aliyense ankaphunzitsa. Kamsilikali kamayamba katsukidwa ndi sopo kuti mafuta a m'chikombole achoke, ndipo timizere totsala pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana timapalidwa ndi mpeni kapena tupa. Tiasilikali khumi kapena khumi ndi tiwiri timamatidwa pakathabwa kamodzi kuti zala zisamatigwire. Tonse timapakidwa penti woyera woyamba, amene amagwira chitsulo ndi kuwalitsa mitundu yobwera pamwamba. Ndiye madzulo amodzi mumapaka nkhope ndi manja a gulu lonse, mawa lake majekete onse, mkuja mabuluku. Maola 6 aja satayika, chifukwa amadutsa inu mukugona kapena muli kuntchito.

Dongosolo la mitundu limatsata mmene munthu amavalira. Khungu limayamba, kenako chovala chamkati, jekete, malamba pamwamba pa jekete, mabatani ndi zitsulo pomaliza. Chifukwa chake n'chosavuta: chimene chili pansi n'chovuta kuchifikira, ndipo burashi ikalumpha malire, mtundu wotsatira umakwirira cholakwacho. Mitunduyo inkapakidwa yosalala, umodzi pamalo amodzi, popanda mithunzi. Chimene chinkadzutsa kamunthuko ndi kamzere kakuda kopyapyala kojambulidwa pakati pa mitundu iwiri, m'mbali mwa lamba, pansi pa kolala, pakati pa mkono ndi thupi. Ena ankagwiritsa burashi yosongoka kwambiri, ena peni ya inki yojambulira mapu. Mukaona kamsilikali kotere pafupi ndi diso, kamzereko kamaoneka kokhuthala mopitirira. Mukakabweza patebulo, lamba limene linali litasowa m'jekete limatulukira poyera.

Mfundo ya zonsezi ndi mtunda. Wosewera amaima ndipo asilikali ake ali mita imodzi kapena kuposa kuchokera pamaso pake. Pamtunda umenewo diso siliona kope kapena kamthunzi ka pansi pa mphuno. Limaona mzere wofiira, malamba oyera mbee, mbendera, ndi timinga ta mfuti tonyezimira. N'chifukwa chake olemba akale ankalangiza mitundu yowala kuposa ya nsalu yeniyeni. Kanthu kakang'ono kamabweza kuwala kochepa, ndipo buluu wa Afalansa mukamupaka wodera monga analili, patebulo amangooneka wakuda. Amene amati openta akale sankadziwa mithunzi sanamvetse kuti iwo ankapenta gulu, ndipo msilikali mmodzi anali ngati njerwa m'khoma.

Pomaliza pankabwera vanishi wonyezimira, wokhuthala. Ena lero amamuona ngati chizindikiro cha zidole za ana, koma anali ndi ntchito ziwiri. Ankateteza penti ku zala zimene zimanyamula kamsilikali maulendo mazanamazana, ndipo ankazamitsa mitundu monga mwala umaonekera ukanyowa. Kapansi kamene kamsilikali kaimapo kankangopakidwa kobiriwira, mtundu umodzi ndi tebulo.

Pa akavalo pali njira imodzi imene ndimaiona kuti sinapambanidwebe. Imatchulidwa kawirikawiri pamodzi ndi dzina la Peter Gilder, amene ankaumba tiasilikali ta kampani ya Hinchliffe. Kavalo amapakidwa kaye mtundu wowala, wachikasu chodera kapena wa lalanje, n'kusiyidwa kuti aume gwa. Kenako amamatidwa thupi lonse ndi penti wa mafuta wa m'chubu, uja wa ojambula zithunzi, wakhofi wodera. Asanaume, mumatenga kansanza kofewa kapena kasiponji n'kupukuta modutsa. Pamatako, paphewa ndi pamsana utoto wodera umachoka, wowala uja n'kuonekera, pamene m'mikwingwirima ya minofu umatsalira. M'mphindi ziwiri kavalo amene anali chibuma chachitsulo amaoneka ngati watuluka thukuta. Mtengo wake ndi kudikira, chifukwa penti wa m'chubu amatenga masiku kuti aume. Malangizo omwewo ankakumbutsanso kuti m'magulu ambiri oimba lipenga ankakwera akavalo otuwa, kuti mtsogoleri awapeze msanga mu utsi.

Tiasilikali ta Airfix tinali ndi mavuto akeake. Pulasitiki yake ndi yofewa, yopindika, ndipo penti wa enamel akauma amalimba. Mfuti ikangopindika pang'ono penti amasweka n'kuyoyoka ngati nkhanambo. Magazini anadzaza ndi mankhwala a vutoli: kutsuka kwambiri, kupaka guluu woyera wa matabwa wosungunula pansi pa penti kapena pamwamba pake, ndi kumata asilikali angapo pakabolodi kamodzi kuti munthu azinyamula kabolodiko. Langizo lomalizali ndi limene linkathandiza kwambiri.

Mmene zinasinthira

Kusintha kunabwera ndi penti wa akiriliki, wosungunuka ndi madzi, wouma m'mphindi zochepa. Kampani ya tiasilikali ya Citadel Miniatures, imene inayamba mu 1979 mogwirizana ndi kampani ya masewera ya Games Workshop, inayamba kugulitsa penti wotere m'zaka za m'ma 1980, ndipo magazini ya White Dwarf inkaonetsa zithunzi zautoto zojambulidwa pafupi kwambiri. Popeza penti sankadikiritsanso, munthu akanatha kusanjika mitundu isanu pajekete limodzi usiku umodzi. Njira ziwiri zinafala. Yoyamba ndi kuthira utoto wamadzimadzi wodera umene umathamangira m'mapindiro n'kupanga mthunzi. Yachiwiri ndi kupukuta burashi pansanza mpaka itatsala pang'ono kuuma, n'kuipititsa mopepuka pamwamba kuti utoto wowala ugwire potukuka pokha. Ku kampani ya Wargames Foundry, Kevin Dallimore anaphunzitsa njira ya mitundu itatu pamwamba pa penti woyamba wakuda: wodera, wapakati, wowala, uliwonse wocheperapo pa unzake.

Chinasintha kwambiri ndi woonera. Malangizo akale ankalembera diso la munthu woimirira pambali pa tebulo. Atsopano anayamba kulembera kamera imene ili masentimita khumi kuchokera pankhope ya chidole. Luso linakwera kwambiri, ndipo sindikutsutsa zimenezo. Koma anthu ambiri anayamba kuyeza ntchito yawo ndi zithunzi za akatswiri olipidwa, ndipo mabokosi a asilikali osapenta anayamba kuunjikana m'makabati. Penti wa Contrast amene Games Workshop inatulutsa mu 2019, wopaka kamodzi pamwamba pa penti woyamba wowala, ndi kuyesa kubwerera ku cholinga chakale chija, chakuti gulu lithe lifike patebulo.

Amene akufuna kutsatira kapepala kakale lero asamale zinthu zingapo. Manambala ambiri a Humbrol akadalipo, koma ena anasiyidwa, makamaka a mndandanda wa Authentic Colours umene unali ndi mayina a mayunifolomu, ndiye pafunika kufananitsa ndi diso. Vanishi wakale wa mafuta amasanduka wachikasu pakapita zaka, choncho malamba a kirimu amene mumawaona pa tiasilikali ta m'ma 1970 poyamba anali oyera, ndipo musawatsanzire. Thina amafuna zenera lotsegula. Chachikulu ndi mtovu. Britains inasiya kupanga zidole za mtovu mu 1966, koma tiasilikali ta masewera a nkhondo tinapitirira kukhala ndi mtovu kwa zaka zambiri pambuyo pake. Chizolowezi cha openta chosongola burashi ndi milomo n'choipa, fumbi la potupa lisapumidwe, manja asambidwe, ndipo ana aang'ono asatiike m'kamwa.

Mtovu ulinso ndi matenda ake. Kamsilikali kakasungidwa m'bokosi la matabwa otulutsa asidi, makamaka a oak, m'chipinda chachinyontho chopanda mpweya, kamayamba kutuluka ufa wotuwa. Penti amatukusira, ndipo mapeto ake miyendo imafumbutuka. Langizo lija lakuti penti woyamba afike paliponse, ngakhale pansi pa kapansi pamene palibe adzaone, ndi vanishi aphimbe zonse, linkatchinga chitsulo ku mpweya umenewu. Mukagula tiasilikali takale, titembenuzeni kaye muone pansi pake musanayang'ane nkhope.